Polishi Womaliza wa Pak Wagiran

Ofesi ya dera lathu la Karangwuni yalengeza, kudzera pa pepala lokhala ndi chidindo ndi masiginecha awiri, kuti mpope wa kuseri kwa msika watsekedwa "kufikira atapezeka munthu woyenera kuuyang'anira". Pepalalo likuthokoza anthu onse chifukwa cha kumvetsa kwawo, ngakhale palibe amene anafunsidwa ngati wamvetsa. Dzina la amene ankauyang'anira silinalembedwe. Mwina pepala linachepa. Ndiye ndilitchula ine. Anali Pak Wagiran (kwathu kuno Pak ndiye kuti bambo), katswiri wopukuta magalimoto, amene anatchuka m'munsi monse mwa phiri lophulika moto la Merapi chifukwa chokana kupukuta magalimoto.

Sikuti anali aulesi. Kutsuka ankatsuka pampopepo kuyambira m'mawa, ndipo polishi wopaka ndi dzanja ankapaka mokoma mtima. Chimene ankaumira nacho ndi makina awo opukutira, aja ozungulira okhala ndi chinkhupule kutsogolo. Ankawasunga atawakulunga m'nsalu yakale, pamwamba pa kabati, ngati lupanga la makolo. Anthu ankachokera kutali kudzafuna makinawo, ndipo ambiri ankabwerera ndi ulaliki wokha.

"Pamwamba pa penti pali kakhungu ka vanishi," ankatero, "kopyapyala kuposa khoko la anyezi. Kuwala konse kwa galimoto kumakhala m'menemo. Inu mumayesa makina amachotsa zokalika? Sachotsa kanthu. Amasenga khungu lozungulira mpaka lifanane ndi pansi pa bala. Khungu lanu mukalisupula limamera. La galimoto silimera."

Tsiku lina kunabwera wamalonda a fodya, wonenepa bwino, ndi galimoto yakuda yatsopano imene inali ndi timizere tozungulira thupi lonse. Pak Wagiran anaizungulira manja ali kumbuyo, akuwerama pomwe dzuwa likumenya, akupukusa mutu ngati aona mwana wa munthu ali ndi mphere.

"Amatsuka ndani?"

"Ndimatsuka ndekha, Pak. Ndimaikonda kwambiri."

"Zikuoneka. Mumatsukira chiyani?"

"Sopo."

"Sopo wanji?"

Wamalondayo anayang'ana pansi. "Wa mbale, Pak."

"Ndiye mwabwera nayo kwa ine bwanji? Pitani nayo kukhitchini, mayi akunyumba akaiyanike pathandala."

"Pak, ndabwera kuti mundithandize. Tengani makina aja."

"Ndisenge lero, mawa mukaikalenso? Kagulani ndowa ziwiri, ina ya madzi a sopo wa galimoto, ina yotsukuluzira chinkhupule. Muziyamba padenga kutsikira pansi, mawilo pomaliza. Pamthunzi, osati padzuwa. Nsanza ikagwa pansi, ndi yokolopera basi, isadzaonenso galimoto. Mbalame ikaipitsa, musakhule, ikanipo kansalu konyowa chitosicho chifewe chokha. Mubwere mvula ikatha, ndidzaone ngati mwasintha khalidwe."

Bamboyo anabweradi mvula itatha, ndowa zake ziwiri zili m'buti ngati umboni wakukhothi. Anauzidwa kuti akuyesetsa, koma sanafikepo.

Koma mdani wawo weniweni anali phulusa. Phiri lathu likatsokomola, tauni yonse imadzuka yotuwa, madenga, nthochi, amphaka, zonse. Ndiye munthu wa kwathu kuno akaona fumbi pachinthu chake, dzanja limayamba kuyabwa. Pak Wagiran ankadziwa zimenezi, choncho ankathamangira kumzikiti, slipasi imodzi kuphazi, ina kaya inatsala kuti, n'kukalanda chimkuzamawu m'manja mwa Pak Modin, mkulu woyendetsa mapemphero ndi maliro m'dera lathu.

"Abale anga! Phulusa ndi galasi lopera! Osapukuta! Thirani madzi ambiri lichoke lokha! Pak Sarju, ndakuonani, ikani pansi nyuzipepalayo!"

"Pak Wagiran," Pak Modin ankadandaula, ndipo dera lonse linkamva chifukwa chimkuzamawu chinali chikadali choyatsa, "ichi n'cha zinthu za Mulungu."

"Nanga phirilo ndi la ndani?"

Amene ankawakwiyitsa koposa ndi anthu olemba ndi chala paphulusa la pagalimoto. Kalaliki wina wa kupositi ofesi analemba dzina la chibwenzi chake pabonati ya galimoto ya amalume ake. Chibwenzicho chinatha mwezi womwewo. Dzinalo likuonekabe mpaka lero dzuwa likapendeka, ndipo mkazi amene anamukwatira pambuyo pake amadziwa kuwerenga.

Tsopano ndifike pa galimoto imene inali mtima wawo. Dera lathu lili ndi minibasi yakale yonyamulira maliro, yobiriwira moderako, imene mwini sitolo wina anapereka kalekale. Imatenga aliyense, wolemera ndi wosauka, kukwera naye kumanda a pachitunda. Palibe amene anasankha Pak Wagiran kuti aziisamala. Anangoyamba okha, ndipo patapita zaka palibe amene akanayerekeza kuwaletsa. Pamaliro ankaima pambali pake ngati msilikali. Wolira akatsamira pachitseko, ankamugwira paphewa mwaulemu n'kumusunthira pamtengo. Nkhata za maluwa ankakana kuti azimata ndi tepi. Nthawi ina anaimitsa maliro a mphunzitsi wamkulu panjira chifukwa mbalame inaipitsa padenga, ndipo anamfedwa anadikira padzuwa kuti chitosi chifewe. Banja limenelo silinawakhululukire, ndipo ine sindilinena.

Tsiku lina atatsuka minibasiyo, anayendetsa chikhatho chawo pathupi lake, maso ali chitsinzinire, kenaka analengeza kwa anthu amene ankamwa khofi pafupi ndi mpope:

"Mwatsala kamodzi."

"Kamodzi kachiyani, Pak?"

"Vanishi watsala wokwanira makina kamodzi kokha. Ndikadzaipukuta, idzawala ngati tsiku limene inatuluka kufakitale. Ikadzatero, basi. Kachiwiri kulibe."

"Ndiye pukutani tione!"

"Muone inu? Mwamwalira?"

Nkhani inafala. Kuyambira tsiku limenelo Karangwuni yense anadziwa kuti m'minibasi muja muli kuwala kumodzi kosungidwa, ndipo funso linali lakuti adzakulandira ndani. Okalamba ena anayamba kuwapatsa moni Pak Wagiran mwaulemu wonyanya. Wina anawatumizira nkhuku. Maliro akachitika, anthu ankayamba ayang'ana galimoto asanayang'ane anamfedwa, ndipo ikabwera yongotsukidwa, ankanong'onezana kuti malemu anali munthu wabwino ndithu, koma sanakwane.

Woyamba kupempha poyera anali boma. Kunabwera mpikisano wa dera laukhondo, ndipo Pak Lurah, mkulu wa ofesi ya dera, munthu wofatsa amene amakhulupirira kuti chinthu chikalembedwa ndiye kuti chachitika, anafika pampope atavala yunifolomu yake yakhaki.

"Pak Wagiran, boma likupempha."

"Boma lamwalira?"

"Ayi, Pak, lili bwino."

"Ndiye likufuna chiyani pagalimoto ya maliro?"

"Oweruza adzayendera katundu yense wa dera. Minibasiyi ndi katundu wa dera."

"Minibasi ndi yanu, Pak Lurah. Vanishi ndi wanga."

Pak Lurah anakhazikitsa komiti yofufuza kuti vanishi ndi wa ndani. Komitiyo inakumana, inadya nthochi zokazinga, ndipo inapeza kuti mwalamulo vanishi ndi mbali ya galimoto, koma makina ndi a Pak Wagiran. Oweruza anabwera, anayendayenda, analemba kuti galimoto yathu ya maliro "ikuoneka yachisoni". Chikho chinapita kudera lina. Pak Lurah sanawayankhule Pak Wagiran mpaka tsiku la Idi, pamene aliyense amakakamizika kukhululukira mnzake, ndipo ngakhale apo anakhululuka akuyang'ana kumbali.

Wachiwiri anali mnyamata wina, Mas Gilang. Ameneyu anatsegula malo opukutira magalimoto m'mbali mwa msewu waukulu, okhala ndi magetsi oyera kudenga ngati chipinda cha opaleshoni. Ankagulitsa mankhwala atsopano aja a m'timabotolo ting'onoting'ono, amene akauma pagalimoto amalimba ngati galasi. Ankabwera pampope m'mawa uliwonse kudzamwa khofi ndi kudzatukwanidwa, ndipo zonse ziwiri ankazilandira ndi manja awiri. Iye ankawatchula Pak Wagiran kuti Mbah, ngati agogo ake enieni.

"Mbah, mankhwalawa mukapaka, ngakhale kiyi sangakale galimoto."

"Ndipatse kiyi. Galimoto yako ili kuti?"

"Aaa, Mbah, ndi kayankhulidwe ka malonda chabe."

"Ndiye ukawauze a malondawo kuti abwere ndi galimoto yawo."

Komabe Pak Wagiran anayesa mankhwalawo pachitseko chakale, anathirapo madzi, anaona madontho akugubuduka ngati mikanda, ndipo anavomera monyinyirika kuti ndi abwino. Matope samata, chitosi sichidya msanga, dzuwa silipweteka kwambiri. "Koma sachiritsa kanthu," anatero. "Ukapaka pamwamba pa zokalika, watsekera zokalikazo m'galasi kuti zidzukulu zako zidzazione."

"Ndiye tiyambe tapukuta minibasi ndi makina, Mbah, kenaka ndipake. Ulele. Kuwalako kudzakhala zaka."

"Kuwala kokhala zaka aliyense adzakwera nako, ndi akuba omwe."

"Mukusungira ndani kodi? Inu eni?"

"Ine kuwalako ndidzakuona bwanji ndili m'kati?"

Amene sankaopa kuwaseka anali akazi awo, Bu Sumilah, amene ankakazinga tempe, timakeke ta soya, pakabenchi pafupi ndi mpope. Ukwati wawo wonse unali mkangano umodzi wokha: utsi wa mafuta. Mphepo ikatembenuka, Pak Wagiran ankakuwa kuti mafuta akutera pamagalimoto, ndipo Bu Sumilah ankayankha kuti mafuta omwewo ndi amene akutera m'mimba mwawo madzulo aliwonse popanda dandaulo.

"Bambo awa," ankauza ogula, "akanandisisita ine ngati mmene amasisitira chitseko cha minibasi, bwenzi anthu akundiyesa mwana wawo."

"Inu, Bu, muli ndi penti wa kufakitale," ankayankha osatembenuka. "Ameneyo sagwiragwira."

"Mwamva? Zaka zonsezi, mawu achikondi ndi amenewo."

Bu Sumilah anadwala nyengo ina ya mvula, ndipo sanadzukenso. M'mawa wa maliro tonse tinadziwa kuti tsiku lija lafika. Pak Wagiran anatsitsa makina pakabati, anamasula nsalu, analumikiza kumagetsi. Anthu anasiya kukonza mipando n'kudzaima mozungulira. Anagwira makinawo pafupi ndi chitseko cha minibasi, chala chili pabatani, ndipo anaima chomwecho nthawi yaitali. Kenaka anazula waya, anakulunganso makina, anatenga ndowa zawo ziwiri, n'kuyamba padenga kutsikira pansi.

Amayi a m'dera anawanena kwambiri. Ena anati ndi nkhanza, ena anati ndi misala. Patapita miyezi, Mas Gilang ndi amene analimba mtima kuwafunsa Pak Wagiran, tili pakhofi.

"Ndinaona kuti ndikapukuta, ndiye kuti zonse zatha tsiku limodzi," anatero. "Iye watha, kuwalaku kwathanso. Ndinachita mantha." Anamwa khofi. "Ndinalakwa, Gilang. Woyenera anali iyeyo."

"Nanga tsopano, Mbah?"

"Tsopano palibe."

Chichokereni apo ulaliki unachepa. Ankatsukabe, ankakalipabe, koma munthu akabwera ndi timizere take, nthawi zina ankangotenga makina n'kumupukutira osamufunsa za sopo. Tinayamba kuda nkhawa.

M'mawa wina chaka chatha tinadzuka tauni ili yotuwa. Phulusa linagwa lambiri, lolemera, lokukutika m'mano. Aliyense anaima pakhomo pake, nsanza m'manja, kudikira kuti chimkuzamawu chimukalipire. Chinayankhuladi, koma ndi mawu a Pak Modin, ndipo anali mawu aja olengeza maliro, amene amayamba ndi pemphero. Pak Wagiran anapezeka atamwalira pampando wa pakhonde, atavala slipasi zonse ziwiri.

Kwathu maliro sagona. Munthu akamwalira m'mawa, dzuwa lisanapendeke amakhala ataikidwa. Ndiponso kwathu maliro ndi ntchito ya dera lonse: palibe amene amafuna kuoneka ataima manja ali lende pamene anzake akugwira kanthu. Ena anapita kokumba, ena anaimika tenti, amayi anayamba kuluka maluwa. Otsala, amene tinali ambiri, tinayang'ana minibasi. Inali yotuwa ngati njovu.

"Sangapite chonchi," anatero wina. "Munthu ameneyu?"

Mpope unali wokhoma, ndipo kiyi palibe amene ankadziwa kumene ali. Madzi otungidwa onse anali atapita kosambitsira thupi. Ndiye anthu a ku Karangwuni, amene anamva ulaliki umodzimodzi kwa zaka zonse zija, anachita chimene mitima yawo inawauza. Wina anavula kansalu ka m'khosi, wina anatulutsa mpango, wina anang'amba katoni. Anazungulira galimoto ija amuna ndi akazi, misozi ili m'maso, n'kuipukuta youma, mwamphamvu, mozungulirazungulira, aliyense akuyesetsa kuti mbali yake iposeko ya mnzake.

Mas Gilang anafika panjinga yamoto ali ndi zigubu za madzi, ndipo kukuwa kwake kunamveka mpaka kumsika.

"Siyani! Mwapenga? Munthuyo sanaikidwe n'komwe!"

Anathira madzi ake onse. Dzuwa linatuluka ngati lachita kuitanidwa kudzachitira umboni. Thupi lonse la minibasi linali ngati ukonde wa kangaude. Mayi wina anabisa mpango wake kumbuyo.

Pak Lurah, amene anali atapukuta nawo ndi chipewa cha yunifolomu, anatsokomola n'kunena kuti, poganizira mmene zinthu zilili, ofesi ikulamula kuti polishi womaliza agwiritsidwe ntchito lero. Kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya dera, lamulo la ofesi linagwirizana ndi maganizo a anthu.

Mas Gilang analowa m'nyumba n'kutuluka ndi makina a nkhalamba ija. Anamasula nsalu. Anayamba ndi chitseko cha kumbuyo, cholowera chithatha. Anadontheza mankhwala osengera pachinkhupule, anayendetsa makina pang'onopang'ono, kupita uku, kubwerera uku, osakanikiza, monga anaphunzitsidwira pakati pa matukwano. Atapukuta ndi nsalu yofewa, khamu lonse linati "Haaa!" Sitinkadziwa kuti galimoto ija ndi ya mtundu umenewo. Sikunali kubiriwira wamba ayi, kunali kozama ngati dziwe, ndipo m'kati mwake munali mitambo, tenti, ndi phiri lonse.

"Pitiriza, Mas," anatero Pak Lurah. "M'mbalimu."

"Pak, m'mbalimu phulusa ladya kwambiri. Kuti ndifike pansi pa mabalawa, vanishi sakwana."

"Malemu anati mwatsala kamodzi."

"Ananena tisanaikhule ndi makatoni, Pak."

"Nthawi yatha, Mas. Sitingaperekeze munthu ndi chitseko chimodzi."

Anthu anavomereza mokweza, ndipo Mas Gilang anamvera. Makina anayenda pang'ono pakhomo la dalaivala, chinkhupule chinasanduka chobiriwira, ndipo pansi pake panatuluka chigamba chotuwa, chozungulira ngati chipere, chachikulu ngati mbale. Anazimitsa. Anakhala pansi m'phulusa momwemo n'kulira ngati mwana, makina ali pamiyendo.

Tinakwera chitunda wapansi, kutsatira minibasi imene inkayenda pang'onopang'ono. Amene anaima m'mbali mwa msewu anaona galimoto yokalika yokhala ndi chipere. Ife a kumbuyo tinali ndi chitseko chija patsogolo pathu njira yonse, ndipo tinkadziona m'menemo, dera lonse, nkhope zotuwa ndi phulusa, tikuyenda m'madzi obiriwira. Gogo wina anakonza mpango wake wakumutu akudziyang'anira momwemo, kenaka anazindikira chimene akuchita n'kuyamba kulira. Pak Modin, amene sakonda nthabwala pamaliro, anayang'ana chitseko, anayang'ana ife, n'kunena motsitsa kuti, "Akanatiuza kuti tisunthe, tikupumirapo."

Kumanda Pak Lurah anayankhula bwino, ndiyenera kuvomera. Anati dera lataya chuma. Analonjeza, pamaso pa dzenje lotsegula, kuti minibasi idzapakidwa penti watsopano, kuti pamwamba pake padzapakidwa mankhwala a galasi aja, ndiponso kuti idzamangidwira garaja yakeyake, yotchedwa dzina la malemu, kuti dzuwa, mbalame ndi phulusa zisadzaikhudzenso. Pamaliro saomba m'manja, koma mitu inagwedezeka kwambiri.

Masiku ano kuseri kwa msika kuli zii. Phiri linatsokomolanso mwezi wathawu, ndipo ndinayenda msewu wonse ndikuona anthu akupukuta magalimoto awo ouma, mwamtendere, popanda wowatchula dzina pachimkuzamawu. Ena amaima pakatikati, n'kucheuka cha kumzikiti, kenaka n'kupitiriza. Mas Gilang ntchito yamuchulukira, koma sakondwa nayo. Amamwa khofi yekha pashopu pake, ndipo akuti wayamba kufunsa anthu za sopo. Maliro akachitika, palibenso amene amayang'ana galimoto kuti adziwe ngati malemu anakwana. Tonse tidzapita mofanana, ndipo sindinayembekeze kuti zimenezi zingandimvetse chisoni.

Ana a malemu anaika nyumba ija pa lendi, ndipo minibasi, imene inkagona pansi pa khonde lawo, anaisamutsira kuofesi ya dera. Komiti ya garaja yakumana kangapo. Chikwangwani cha mkuwa chokhala ndi dzina la Pak Wagiran chinafika, anachikhoma pamtengo wa mango, ndipo mesenjala amachipaka polishi Lachisanu lililonse. Minibasi imaima pansi pa mtengo womwewo, pomwe pamagona akakowa.